Mkanjo wa a Kondakitala

Mayi Sizasi atakhota pakona ya shopu yawo yosokeramo zovala, anapeza yunivesite yonse ili pa lole.

Bolodi linali litakwera kale. Mabenchi anali atasanjikizana, miyendo m'mwamba. Gome lophunzitsirapo, lomwe poyamba linali kabati ya nsapato, amuna awiri ankatuluka nalo mopendeketsa, akutukwana chitseko. Chikwangwani chachikulu cha zilembo zagolide, YUNIVESITE YA KUSERI, chinali chitagona chagada pamwamba pa zonsezo. Pafupi ndi loleyo panaima mchimwene wawo wamng'ono, Bulashi, dzanja limodzi m'thumba, linalo likulozaloza.

"Pang'onopang'ono, akuluakulu! Mwanyamulayo si kabati ayi, ndi mbiri."

"Iwe," anatero Mayi Sizasi, "sukulu ukupita nayo kuti?"

"Achemwali! Mwadzuka bwanji?"

"Ndinadzuka bwino, zasokonekera pano. Ndakufunsa."

Bulashi anayamba wakhosomola kaye. Chifuwa chimenechi chinamuyamba tsiku limene anafunsidwa mafunso pa wailesi, ndipo chinkabwera nthawi iliyonse akafuna kunena zazikulu. Anafotokoza kuti nyumba ya zionetsero, yaikulu ija ya magalasi okhaokha, inali itaitana yunivesite. Loweruka masana kukhala mwambo wotsegulira. Kubwera atolankhani, kubwera anthu a mataye.

"Ndinanena pamsonkhano paja," anatero.

"Unanena kuti akufuna zithunzi."

"Nkhani inakula, achemwali. Mwana akakula sum'bwezera m'mimba."

Yunivesite ya Kuseri inali kuseri kwenikweni, m'chipinda chimene mwini nyumba ankasungiramo matayala akutha, kumbuyo kwa shopu ya Mayi Sizasi. Bulashi anali wolemba zikwangwani. Moyo wake wonse analemba za ena: OSAKODZA PANO, TIMAWOTCHERERA ZITSEKO, GALU WOLUSA. Chaka china ntchito itasowa, analemba chikwangwani cha yunivesite n'kuchikhoma pachitseko cha matayala, kuti aone chimene anthu achite. Iye ankati imeneyo ndi ntchito ya luso, monga chithunzi kapena chosema, kungoti yake ndi yopangidwa ndi ganizo. Anthu anayamba ndi kuseka, kenako kufunsa, kenako kubwera. Kunalibe mayeso, kunalibe fizi, kunalibe satifiketi, ndipo m'munsi mwa chikwangwanicho munali timalemba tonena zimenezi poyera, kuti wina asadzalire. Koma madipatimenti analipo: ya Kudikira, ya Zinthu Zotayika, ndi ya Kupepesa, imene chaka ndi chaka inkasowa woitsogolera.

Munthu ankamaliza maphunziro tsiku lomwe wayamba, kuti mtima ukhale pansi msanga. Lamulo linali limodzi basi, ndipo analiika ndi Mayi Sizasi. Ubwere ndi katani wa m'nyumba mwako, wakale, woti dzuwa likumudziwa. Wogula dzulo ankabwezedwa. Iwo ankamusoka kukhala mkanjo, ndipo kuyambira pamenepo unali Pulofesa. Ukadzimva kuti wakonzeka, Loweruka lina unkavala mkanjo wako, kuima pagome, n'kuphunzitsa anzako chimene ukuchidziwa. Wometa anaphunzitsa za kumvetsera bodza la kasitomala lumo osagwedera. Namwino anaphunzitsa mayendedwe a munthu amene wanyamula uthenga woipa. Mayi wina wochapa anatenga masana onse pa nkhani ya makolala, ndipo palibe anachokapo.

Mayi Sizasi analowa m'chipindamo. Waya wopachikapo mikanjo unali wokhawokha, ukugwedera.

"Mikanjo?"

"Inatsogola ndi ulendo woyamba."

"Ndi wa a Kondakitala womwe?"

"Umenewo ndiye mtima wa chionetsero! Mayi a kumeneko atangouona anagwira pakamwa. Auika pakati penipeni. Uli kale pamapepala olengeza."

"Loweruka lino a Kondakitala akuphunzitsa."

Bulashi anayang'ana matayala a lole. "Adzaphunzitsa lina. Masabata satha. Komanso achemwali, muzimvetsa: yunivesite yathuyi ndi ganizo. Ganizo siliyendera kalendala."

"Nanga ganizolo wakweza pa lole bwanji?"

Bulashi anakhosomolanso, koma ulendo uno sipanatuluke kanthu. Anakwera kutsogolo n'kuuza dalaivala kuti nthawi yatha.

A Kondakitala anali bambo wamtali, wowerama pang'ono chifukwa cha zaka zambiri zoimirira m'basi. Amene anawadziwa ali pa ntchito ankati mawu awo ankachoka kudepoti n'kukafika kumsika osapuma panjira. Akazi awo atamwalira, mawuwo anawaperekeza kumanda osabwerako. Ku yunivesite anawabweretsa ndi Wometa, atatopa ndi kumeta munthu wosayankha. Ankakhala pabenchi ya kumbuyo, chipewa pabondo, osaseka, osafunsa. Kenako tsiku lina anafika kushopu ndi kathumba, n'kukaika pa makina osokera. Munali katani wobiriwira wa timbalame tachikasu, wa kuchipinda chogona. Mpendero wake unali wosoka pamanja, wokhotakhota ngati njira ya chidakwa.

"Anasoka okha mayi a kunyumba," anatero. "Sankadziwa kusoka."

Mayi Sizasi, amene sankalekerera msoko wokhota ngakhale pa chovala cha mdani, anadula mkanjowo mwakuti mpendero uja unatsala momwe unalili. Tsiku lophunzitsa a Kondakitala ankangolisuntha: mwezi uno chimfine, mwezi winawo bondo. Sabata yathayo anaimirira okha, popanda wowafunsa, n'kunena kuti, "Loweruka likubwerali ndine." Anthu anaopa ngakhale kuwomba m'manja, kuti angawadzidzimutse.

Masana a tsiku la lole lija, Mayi Sizasi anasiya diresi la mwini lili ndi dzanja limodzi, anatseka shopu, n'kupita kwa a Kondakitala.

"Odi kuno!"

"Lowani, a Sizasi. Ndamva kale. Nkhani ikafika kwa Wometa ndiye kuti yafika kwa aliyense wa tsitsi."

Pampando panali shati yoyera yosita, kolala ili chiimire. Nsapato zopolisha zinali pa nyuzipepala. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo pazenera, pamene kale panali katani, anali atamatapo katoni ya sopo.

"Asiyeni achimwene anuwo adyerere," anatero a Kondakitala. "Nawonso avutika. Ine ndinali kale ndi mantha, ndiye mwina ndi Mulungu wandimvera chisoni."

"Ndikusokerani wina pofika mawa."

"Wa katani wa yani?"

Mayi Sizasi anayang'ana katoni ya pazenera ija. Lamulo lako lomwe likakuluma ulibe kokadandaula.

"Mkanjowo ndinkauyesa, mukudziwa inu?" a Kondakitala anapitiriza, akuyang'ana pansi. "Mukapita kogula ulusi ndinkalowa kuseri kuja n'kuuvala. Ndikauvala, pamapewa pano pamalemera ngati munthu waikapo manja. Ndiye ndimamva, 'Bambo, kwezani mawu, a kumbuyo sakumva.' Popanda umenewo ndine nkhalamba ya shati yoyera basi. Ndikaima pamaso pa anthu ndizingoyang'ana nsapato."

"Anakupemphani?"

"Ndani?"

"Mchimwene wanga."

"Aa, munthu wa pa wailesi angapemphe kondakitala?"

Ananena popanda mkwiyo uliwonse, ndipo chimenecho ndicho chinawawa. Anatenga shati ija n'kuyamba kuipinda.

"Musapinde shatiyo, ichita makwinya," anatero Mayi Sizasi akuimirira. "Loweruka muvale, mubwere nthawi yake."

"A Sizasi, fupa lokakamiza limaswa mphika."

"Mphika wakewo ndinaubereka kumsana ine. Susweka."

Foni Bulashi sankayankha. Kwawo kunali mkazi wake yekha, amene anati munthuyo masiku ano amabwera kudzagona basi, ndipo akagona amalankhula ndi atolankhani kutulo. Lachisanu Mayi Sizasi anapita kunyumba ya zionetsero ija, mlonda n'kuwabweza pageti kuti mkati akukhoma zinthu, alendo mawa. Loweruka m'mawa anapitanso, koma ulendo uno tepi yoyezera ili m'khosi, kapilo ka mapini kali pamkono.

"Ndine telala wa mikanjo ili mkatimo," anatero.

Silinali bodza. Komanso padziko pano palibe mlonda amene amaimitsa munthu wa tepi m'khosi.

Mkatimo munali moyera ndi mwa zii, ngati m'chipatala cha anthu olemera. Mabenchi, amene anazolowera kukhalidwa ndi kuthiridwa tiyi, anali atazingidwa ndi chingwe chofiira. Pambali pake panali kachikwangwani koti OSAKHALAPO, ndipo Mayi Sizasi anazindikira dzanja la mchimwene wawo pa zilembozo. Bolodi analiwalitsa ndi nyale yakeyake. Mikanjo inali pakhoma lalitali, yomata ndi mapini, manja otambasula ngati anthu amene agwidwa ndi apolisi. Pakati penipeni, pamwamba kuposa inzake, panali timbalame tachikasu tija. Kapepala ka m'munsi kankati wopanga zonsezi ndi Pulofesa Bulashi, munthu amene akagwira ulusi ndi singano ziwirizo zimathawana.

Pakona panali makwerero amene anthu a magetsi anasiya. Mayi Sizasi anawakoka, kuwaimika bwino, kuvula nsapato, n'kuyamba kukwera. Mawondo anadandaula, iwo sanawamvere. Anali atachotsa mapini a dzanja lamanzere n'kuwaluma pakamwa pamene anamva mawu pansi.

"Mayi! Mayi, chonde tsikani. Zimenezo sizigwiridwa."

Anali woyang'anira chionetserocho, mayi wachitsikana wa magalasi, wooneka kuti sabata yonse sanagone mokwanira. Kumbuyo kwake kunali mlonda uja, akuyang'ana tepi ija mokhumudwa.

"Ndazigwira kale, mwana wanga," anayankha Mayi Sizasi mapini ali kukamwa. "Ndinazigwira zisanakhale zimenezi."

"Ndinu ndani, mayi?"

"Funsani amene akubwerayo."

Bulashi ankalowa. Anali atavala mkanjo wake wofiira, wolemera, wa katani wa pabalaza amene mkazi wake ankamulirabe mpaka lero. Masiku apitawo anali atauonjezera zingwe zagolide m'mapewa, ndiponso chipewa chopenta yekha. Anayenda wapansi kuchokera kunyumba atavala choncho, kuti msewu nawo uoneko. Ataona mapazi a achemwali ake pa makwerero, liwiro linachepa.

"Pulofesa," anatero woyang'anira, "mayiwa mukuwadziwa?"

"Awa ndi... ndi a mbali ya zosokasoka."

"Ndine mchemwali wake," anatero Mayi Sizasi. "Mamina ndinkamupukuta ndine. Mbali ya zosokasoka inabwera pambuyo."

Anachotsa pini ina. Phewa la mkanjo linagwa.

Woyang'anira anagwira mutu. Analankhula mwaulemu koma mothamanga. Anati panali pangano loti chilichonse cholowa sichituluka mpaka chionetsero chithe. Anati mkanjo umenewo ndi umene uli pamapepala onse olengeza, anthu akubwerera umenewo. Anati khoma lonse analiyala kuchokera pakati, ndiye pakati pakakhala bowo, zonse zioneka ngati m'kamwa mwa munthu wogulula dzino lakutsogolo.

"Ndakumvani," anatero Mayi Sizasi. Anachotsa pini ina.

Bulashi anafika pansi pa makwerero n'kuwagwira, kaya kuti asagwe, kaya kuti awagwedeze, mwina iye mwini sankadziwa. Analankhula motsitsa, chifuwa chija palibe.

"Achemwali, ndapota nanu. Moyo wanga wonse ndalemba mayina a anthu ena. A mabutchala, a ma saluni, a makoleji enieni amene ine sanandilole n'kulowa pageti pomwe. Ndikamaliza amandiuza kuti chotsa zitini zako, alendo akubwera. Lero dzina langa lili pakhoma. Tsiku limodzi lokha, achemwali. Limodzi."

Mayi Sizasi anaima. Anamuyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo anaona kadazi kamene chipewa chinkabisa, ndi penti wa buluu m'zikhadabo amene sopo aliyense anamulephera. Zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo iwo ankazidziwa kuposa wina aliyense. Analavulira mapini m'dzanja.

"Dzina lako sindikulichotsa, chimwene. Likhale pomwepo, likukhala bwino. Mabenchi atsale, bolodi litsale. Ndikuchotsa katani wa mwini."

"Wa mwini?" anafunsa woyang'anira.

"Wa a Kondakitala. Wa kuchipinda kwawo. Mpendero wokhotawu anasoka akazi awo, malemu. Akuphunzitsa lero masana, koyamba kutsegula pakamwa pagulu chimwalirireni mayiwo. Shati asita kale."

Woyang'anira anavula magalasi n'kutembenukira kwa Bulashi. "Pulofesa, munandiuza kuti eni ake onse anavomera."

"Anavomera... mu mzimu."

"Mu mzimu."

"Ndife gulu limodzi, mayi. Zidze pano n'zatonse."

"Zidze pano n'zatonse," anatero Mayi Sizasi, "koma katani wa kuchipinda kwa munthu sadza pano yekha. Amachita kubwera naye mwini wake, atalira kaye."

Mlonda anayang'ana kudenga. Woyang'anira anavalanso magalasi. Anayang'ana khoma, wotchi, ndi khomanso.

"Chinthu chimene mwini wake sanalole sindingachionetse," anatero. "Koma bowo pakati pa khoma langa sindingalilolenso. Alendo afika posachedwa. Mundiuze chochita, poti mwandiika pamoto ndinu a banja limodzi."

Mayi Sizasi anachotsa mapini otsala, n'kuukoleka mkanjo wobiriwira uja paphewa mosamala ngati mwana wogona. Anayang'ana malo amene unali. Kenako anayang'ana pansi, diso limodzi litatsinzina, momwe ankayang'anira kasitomala wonama za kukula kwa chiuno chake.

"Iwe. Vula."

"Achemwali?"

"M'litali ndi chimodzimodzi. Manja ndi aatali pang'ono, ndipinda. Wofiira pakati pa inzakeyo uoneka bwino. Mwini wake ali pompano, ndipo avomera ndi pakamwa, osati mu mzimu. Vula."

"Sizingatheke. Ndikulankhula pamwambo! Kubwera ojambula!"

"Ndiye sankha. Dzina pakhoma ndi bowo pakati, kapena dzina pakhoma ndi mkanjo wako pakati. Uwu wokha ndikupita nawo, ngakhale muitane apolisi. Akandimanga ndikawasokera mayunifolomu, ndaona mmene amawakhalira."

Bulashi anayang'ana woyang'anira kuti amuthandize. Woyang'anira anali atapendeketsa mutu, akuyeza kale chofiiracho ndi khoma.

"Achemwali," ananong'ona Bulashi, "mkatimu mulibe shati."

"Ili kuti?"

"Alamu anu anakana kusita. Anati ndivale katani wawo yemweyo, poti ndi amene ndinamukwatira."

"Mlamu wanga ndi munthu wanzeru. Vula."

Anavula. Anatsala ndi buluku la suti, nsapato zonyezimira, chipewa chopenta, ndi vesiti ya kuntchito ya madontho a mitundu yonse ya penti imene inagulitsidwapo. Mayi Sizasi anaulandira mkanjo wofiira uja n'kuumata pakhoma mwaluso lawo lonse, poti ntchito yoipa sankaidziwa ngakhale atakwiya. Anawongola zingwe zagolide, anapinda manja, anatsika, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone.

"Wakhala," anatero woyang'anira, modabwa pang'ono. Kenako anamuyang'ana Bulashi kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Inunso musasinthe, Pulofesa. Ojambula akonda zimenezi."

"Mikanjo inayo ili ndi eni akenso," anatero Mayi Sizasi akuvala nsapato. "Mukawapemphe nokha, mmodzimmodzi. Ambiri avomera, amakonda kutchuka ngati uyu. Loweruka amapezeka kuseri kwa shopu yanga. Kapepalako mukonzenso. Uyu analemba zilembo. Kusoka ndi kwanga, makatani ndi a anthu."

Atafika kuseri kuja anapeza anthu atadzaza kale. Wometa anali atalengeza za kubedwa kwa yunivesite mwakhama kwambiri moti kunabwera ngakhale amene anali asanapondeko. Poti mabenchi kunalibe, ena anakhala pa ndowa, ena pa zitini za penti, ena anagubuduza matayala a mwini nyumba aja n'kuwabwezera m'chipinda chawo chakale. Mapulofesa onse anali m'zovala wamba, ndipo ankaoneka ngati anthu odikira basi.

A Kondakitala anali panja, pafupi ndi mpopi, shati yoyera ili m'thupi, chipewa m'manja.

"Ndabwera kudzapepesa anthuwa basi," anatero. "Ndimati ndi—"

Anaona chimene chinali paphewa la Mayi Sizasi. Sanathokoze. Anautenga, anautembenuza, n'kuyendetsa chala pa mpendero wonse kuyambira kuno mpaka uko, ngati akuwerenga okwera. Kenako anapereka chipewa kwa Mayi Sizasi, anapisa manja, n'kugwedeza mapewa kuti ukhale.

Analowa. Gome kunalibe, ndiye anangoima pamene linkakhala, pa simenti yoyera kuposa inzake. Anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anayang'ana nsapato. Wina anakhosomola, Namwino n'kumugunda ndi chigongono. Mayi Sizasi, ataima pakhomo, anapeza kuti akufinya chipewa cha mwini ngati akuchikamula madzi.

A Kondakitala anadzutsa mutu n'kuyang'ana chipinda chonse, pang'onopang'ono, ndipo nkhope yawo inayamba kusonyeza kunyansidwa kwa munthu wa ntchito yake.

"Mwakhala moipa," anatero.

Mawuwo anatuluka aakulu moti iwo eni anadzidzimuka.

"Mwakhala moipa kwambiri! Ndani anakukwezani? Inu a ndowa, sunthirani kukhoma. Amayi a mwana, bwerani kuno kuli mphepo. Bambo a miyendo yaitali, miyendoyo mwalipirira? Pindani! Phunziro la lero ndi la kukweza anthu, ndiye sindingaphunzitse m'galimoto yopendekera mbali imodzi."

Anthu anasuntha, akuseka, akukokera matayala. A Kondakitala anayenda pakati pawo, timbalame tikuuluka kumbuyo. Anafotokoza kuti okangana suwakhazika pamodzi, koma suwatalikitsanso kwambiri, chifukwa amayamba kukuwa. Anati munthu amene akupita kumaliro umamudziwa ndi mmene wagwirira chikwama, ndipo umamupatsa pazenera osamufunsa kanthu. Anati woledzera malo ake ndi pafupi ndi chitseko, pa zifukwa zimene sizifuna pulofesa. Wometa anafuna kutsutsa mfundo ina, n'kuuzidwa kuti atsikira pa siteji yotsatira.

Phunziro lili pakati, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali Bulashi, thukuta lili chuchuchu, atavala jekete la mlonda pamwamba pa vesiti. Chipewa chinali m'manja.

"Mwambo watha kale?" anafunsa Mayi Sizasi motsitsa.

"Ukupitirira. Akuyang'ana mabenchi." Anapukuta nkhope. "Wina anandifunsa kuti kodi ophunzira ake ali kuti. Ndinati ndikukawatenga."

Anthu anali atamuona. "Yadzaza!" anakuwa Wometa. "Dikirani ina, bwana!" Ena anavomereza, ndipo sikuti onse ankaseka.

A Kondakitala anakweza dzanja, phokoso n'kutha. Anamuyang'ana Bulashi nthawi yaitali, monga ankayang'anira munthu wothamangira basi imene wayichedwera yekha.

"Ndani wati yadzaza? Kondakitala ndi ndani muno?" Analoza kumbuyo. "Mayi ochapa, nyamulani beseni lanulo. Achimwene, dutsani cham'mbali, osaponda anthu. Pali kachitini apo. Beseni la mayiwo likhala pamiyendo panu, ndiwo malipiro a wokwera mochedwa."

Bulashi anadutsa cham'mbali, akupepesa mawondo a anthu mmodzimmodzi. Anakhala pa kachitini, mawondo kukhosi, beseni la zochapa pamwamba. Atakhazikika, chifuwa chija chinabwera. Anakhosomola, n'kukweza chala.

"Pulofesa, ngati woyambitsa, ndimati ndinene mawu ochepa chabe okhudza—"

"Wokwera salankhula ndi dalaivala galimoto ikuyenda," anatero a Kondakitala.

Anayang'ana kukhomo. "A Sizasi, lowetsani phazilo, titseke."

Mayi Sizasi analowa n'kukoka chitseko. A Kondakitala anakonza mkanjo pamapewa, anamenya khoma kawiri ndi chikhatho, fumbi la matayala n'kugwa.

"Tiyeni!"